Moyo wa Henry Tayali, Mmisiri wa Zojambula ndi Zosema

Aliyense amene adakwerapo mapiri a Chongoni m'boma la Dedza, nalowa m'mapanga monga a Chencherere, Namzeze kapena Mphunzi, adadzionera yekha zithunzi zimene anthu akale adajambula pamatanthwe. Zofiira n'za Akafula, alenje aja amene adayamba kukhala m'dziko muno, pamene zoyera zambiri n'za Achewa, ndipo zimakhudza chinamwali ndi miyambo ya kudambwe. Malo otere alipo 127, ndipo m'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO lidawalemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Koma ngakhale zithunzizo zidatchuka chotere, amisiri amene adazijambula adapita kumanda ndi maina awo, pamodzi ndi mbiri ya momwe adaphunzirira ntchitoyo.

Lero m'danga lino tikamba za mmisiri wa ku Zambia amene mapazi ake tingathe kuwalondola kuchokera pa ubwana mpaka pa imfa. Ameneyu ndi malemu Henry Nkole Tayali, amene ambiri amati ndiye adatchuka koposa onse ojambula a m'dzikolo. Moyo wake ukutionetsa kuti luso munthu amabadwa nalo ndithu, koma kuti lisanduke ntchito yodyetsa mwini wake ndi yopindulitsa mtundu, pamafunika anthu ena olilera, ndiponso mwini lusolo kulolera kukhala wophunzira kwa zaka zambiri.

Henry adabadwa pa 22 Novembala 1943 m'boma la Serenje, dziko la Zambia likutchedwabe Northern Rhodesia. M'boma lomwelo ndimo muli phanga la Nsalu, limene nalonso lili ndi zithunzi zakale za pathanthwe monga za kwathu ku Chongoni. Koma mwanayo sadakulire kumudzi. Bambo ake adapeza ntchito ku Bulawayo, ku Southern Rhodesia, monga momwe amuna ambiri a ku Dedza, Ntcheu ndi Lilongwe ankachitira masiku amenewo, ndipo banja lonse lidakakhazikika komweko. Motero Henry adakulira m'malokeshoni a mzinda wa njanji ndi mafakitale, pakati pa anthu a zilankhulo zosiyanasiyana, ndipo maphunziro a sekondale adachitira pa sukulu ya Mpopoma.

Inali nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chidayamba mu 1953 n'kutha mu 1963. Mwana wa munthu wakuda akakhoza sukulu, makolo ankayembekeza kuti adzakhala kalaliki, mphunzitsi kapena wothandiza m'chipatala. Kujambula kunkaoneka ngati masewera a ana. Komabe ku Bulawayo khomo lidali lotsekukako pang'ono, pakuti pafupi ndi mzindawo padali sukulu ya mishoni ya Cyrene, kumene kuyambira mu 1940 wansembe wina, Edward Paterson, ankaphunzitsa anyamata kujambula ndi kusema, ndipo ntchito zawo zidaonetsedwa mpaka ku London. Anthu ena mumzindamo adali atazindikira kale kuti m'malokeshoni muli luso.

Mmodzi mwa anthu oterewa adali Alex Lambeth, amene ankagwira ntchito m'nthambi ya khonsolo ya mzindawo yoona za anthu akuda. Iye ataona zojambula za Henry sadangoziyamikira pakamwa n'kupitirira ulendo wake. Adamulimbikitsa kuti kujambula akutenge ngati ntchito yeniyeni, namupezera malo ophunzirirako. Zotsatira zake n'zakuti mnyamatayo adachititsa chionetsero chake choyamba ali ndi zaka 15 zokha. Akulu adati m'mera mpoyamba, ndipo pa moyo wa mmisiri ameneyu mawuwa adapherezeka. Chikhala kuti munthu mmodzi wa muofesi sadaime n'kuyang'anitsitsa pepala la mwana wa kulokeshoni, bwenzi mbiri imene tikukambayi palibe.

Poyamba Henry ankagwiritsa ntchito utoto wosungunula ndi madzi. Utoto umenewu ngwotsika mtengo ndipo umauma msanga, koma suchitira chifundo munthu wa dzanja lonjenjemera, chifukwa ukalakwitsa n'kovuta kubisa cholakwacho. Choncho umaphunzitsa wojambula kuganiza asanagunditse burashi papepala. Pambuyo pake adayamba utoto wa mafuta, umene umalola mmisiri kubwerera pa chithunzi chimodzi kwa masabata ambiri, kuwonjezera apa ndi kukonza apo. Pa zithunzi za zaka za ku Bulawayo, chotchuka koposa ndi chija adachitcha Destiny, kutanthauza kumene moyo wa munthu ukulinga. M'chithunzimo muli khamu la anthu othithikana, aliyense akulimbana ndi ntchito yolemetsa pakati pa mzinda waukulu. Ndiwo anthu amene Henry ankawaona tsiku ndi tsiku polawirira ku ntchito ndi poweruka. Chithunzichi chidagulidwa ndipo chidakhala zaka zambiri kunja kwa Zambia.

Apa mpamene amisiri ambiri amagwera m'mbuna. Mnyamata akangoona kuti chithunzi cha njovu kapena cha mayi wosenza mtsuko chikugulidwa, amangobwereza chomwecho chaka ndi chaka, kufikira dzanja litazolowera njira imodzi ndipo maso atasiya kuona zatsopano. Aliyense woyenda pamsewu wa pakati pa Lilongwe ndi Blantyre adaziwonapo ziboliboli zofanana ngati mapasa zitandandalikidwa kuyembekeza alendo. Sitikunyoza eni ake, pakuti njala sidikira. Koma Henry, ngakhale adali atayamba kale kudziwika ndi kugulitsa, adasankha kubwerera pa benchi ya sukulu.

Dziko la Zambia lidalandira ufulu wodzilamulira pa 24 Okotobala 1964, miyezi yochepa Malawi atalandira wake, pamene ku Rhodesia boma la Ian Smith lidadzipatula ku Britain mu 1965 n'kulimbitsa ulamuliro wa azungu. M'chaka cha 1967 boma la Zambia lidapatsa Henry thandizo la ndalama kuti akaphunzire pa Makerere, mumzinda wa Kampala ku Uganda. Kumeneko kudali sukulu ya zaluso imene mayi Margaret Trowell adayambitsa mu 1937, ndipo panthawiyo idali yodziwika koposa kuvuma konse kwa Africa. Wophunzira pa sukulu yotere amakhala maola ambiri akujambula thupi la munthu kuti adziwe momwe mafupa ndi minofu zimakhalira, amaphunzira kusakaniza utoto, kuumba ndi dongo, kudinda zithunzi, ndiponso mbiri ya amisiri a mayiko ena. Koposa zonse amazolowera kuti ntchito yake idzudzulidwe pamaso pa anzake, chinthu chowawa kwa munthu amene ankayamikiridwa kuyambira ali mwana. Henry adalandira digiri yake mu 1971, chaka chimene Idi Amin adalanda boma la Uganda.

Atabwerera ku Lusaka, a Tayali, pakuti tsopano adali munthu wamkulu, adayamba ntchito pa Yunivesite ya Zambia, m'nthambi yofufuza za chikhalidwe cha Africa. Sadakhalitse. Mu 1972 bungwe la ku West Germany lothandiza ophunzira a mayiko ena, lotchedwa DAAD, lidawapatsa mwayi wokapitiriza maphunziro pa sukulu yaikulu ya zaluso ya mumzinda wa Düsseldorf. Sukuluyi idali pa moto m'zaka zimenezo. Mphunzitsi wake wotchuka, Joseph Beuys, adachotsedwa ntchito chaka chomwecho kaamba ka mkangano wa kalandiridwe ka ophunzira, ndipo mmisiri wina wodziwika, Gerhard Richter, adali atangoyamba kuphunzitsapo. Kumeneko anthu ankatsutsana ngakhale pa funso lakuti kodi chithunzi n'chiyani.

Pamalo otere mlendo wochokera ku Africa akadatha kusokonezeka mosavuta, n'kuyamba kutsanzira za eni dziko kuti amuyese wozindikira. A Tayali adatengako nzeru ndi zipangizo, ndipo kajambulidwe kawo kadasinthadi. Zithunzi zawo za pambuyo pake sizinkalondolanso nkhope ndi zovala mwatsatanetsatane monga kale, koma zinkagwiritsa ntchito mizere yamphamvu ndi mitundu yowala, mwakuti nthawi zina munthu amayenera kuyang'anitsitsa kuti aone anthu ali m'katimo. Koma nkhani ya m'zithunzizo sidasinthe. Idali yomwe ija ya ku Bulawayo: anthu wamba ali pachigulu, pa ntchito, pamsika ndi pamalo omwera mowa, m'chisangalalo chawo ndi m'masautso awo.

Atabwerako ku Germany pakati pa zaka za m'ma 1970, adapeza chuma cha Zambia chikuyamba kulowa pansi chifukwa mtengo wa kopa, amene dzikolo limadalira, udatsika kwambiri pa msika wa kunja. Katundu woitanitsa kunja, monga utoto ndi maburashi, ankasowa ndi kukwera mtengo. M'nyengo yotere luso lawo la kudinda zithunzi lidaoneka phindu lake. Mmisiri amatenga thabwa losalala, n'kugoba ndi tchizulo malo onse amene afuna kuti atsale oyera, kenaka n'kupaka inki pamwamba ndi kutsindikizapo pepala. Thabwa limodzi limatulutsa zithunzi zambiri, motero mtengo wa chilichonse umatsika, ndipo mphunzitsi kapena kalaliki angathe kugulako. Zina mwa zithunzi za a Tayali zidasindikizidwa pa makhadi a mafuno abwino n'kumagulitsidwa m'masitolo a mabuku. Mwa njira imeneyi ntchito zawo zidalowa m'nyumba za anthu amene sakadapondako ku chionetsero.

Iwo adalinso mmisiri wa zoumba ndi zosema zikuluzikulu zoimika poyera. Chodziwika koposa ndi chija chotchedwa The Graduate chimene chili pa Yunivesite ya Zambia ku Lusaka. Chikuonetsa wophunzira amene watsiriza maphunziro, atavala mkanjo ndi chisoti chake, atanyamula buku ndi khasu, kukumbutsa ophunzira kuti nzeru za m'kalasi zisawaiwalitse munda umene udawalera. Adapanganso chifanizo cha ng'ombe yamphongo chimene chidaikidwa pamsewu wopita ku bwalo la ndege la mzindawo.

Yunivesite idawapatsa udindo wokhala mmisiri wake wa zaluso, ndipo ankaphunzitsanso pa koleji ya Evelyn Hone. Ntchito zawo zidaonetsedwa ku Düsseldorf, ku Aachen, ku Toronto ndi ku London, kumene mu 1983 adachititsa chionetsero pa Commonwealth Institute. Kwawo ku Zambia zionetsero zawo zina zidatsekulidwa ndi mtsogoleri wa dzikolo, Dr. Kenneth Kaunda. Munthu wina akadafika pamenepa akadakhala pansi n'kumadya za thukuta lake. Koma a Tayali ankakumbukira kuti iwo adafika pamenepo chifukwa ena adawatsekulira makomo, ndipo ankadziwa kuti mwayi wotere sugwera mwana aliyense. Choncho nthawi yawo yambiri idathera m'misonkhano ndi m'mabungwe, kulimbikira kuti dziko lawo likhale ndi sukulu yakeyake ya zaluso ndi malo osungirako ntchito za amisiri ake.

Mutu umodzi susenza denga. Mu 1986 a Tayali adagwirizana ndi amayi awiri aluso a ku Lusaka, Cynthia Zukas ndi Bente Lorenz, poyambitsa bungwe la Lechwe Trust, loti lizithandiza amisiri pa maphunziro ndi kugula ntchito zawo zabwino kuti zisamathere kunja. Maganizo oterewa si achilendo kwa ife a ku Dedza, pakuti zaka khumi m'mbuyo mwake, mu 1976, Bambo Claude Boucher adali atayambitsa malo a Kungoni pa mishoni ya Mua, kumene osema ambiri adaphunzira ntchito ndi kupeza msika. Ku Lusaka ndi ku Mua komwe chidaoneka n'chimodzi: mmisiri amakula msanga akakhala ndi pogwirira ntchito, womuwongolera ndi womugula.

A Tayali sadaone zipatso zonse za khama lawo. Adamwalira pa 22 Julayi 1987 mumzinda wa Aachen ku West Germany, ali paulendo, ali ndi zaka 43 zokha. Thupi lawo lidabwera nalo kwawo ndi kuikidwa m'manda a Leopards Hill ku Lusaka. Patangopita zaka zochepa amisiri a m'dzikolo adakhazikitsa bungwe lawo la Visual Arts Council, ndipo nyumba yawo yoonetserako ntchito, imene ili pa bwalo la zionetsero ku Lusaka, adaitcha dzina la Henry Tayali. Pa mphotho za Ngoma, zimene dziko la Zambia lidakhazikitsa polemekeza anthu aluso, imodzi ya ojambula idatchedwanso dzina lawo. Ndipo bungwe lija la Lechwe Trust lidagula chithunzi cha Destiny n'kuchibweretsa ku Zambia, kotero kuti ntchito ya ubwana wawo idabwerera kwawo kudzera m'bungwe limene iwo eni adathandiza kuyambitsa.

Tsono inu owerenga, m'midzi ya ku Linthipe, Bembeke, Lobi ndi Mayani muli ana amene amaumba ng'ombe zadongo kudambo ndi kujambula magalimoto ndi makala pakhoma la nyumba. Kawirikawiri mphotho yawo imakhala kukalipiridwa chifukwa chodetsa khoma. Si onse amene adzakhale amisiri, ndipo amene adzayese adzaona kuti njira yake njaitali, pakuti a Tayali adachititsa chionetsero ali ndi zaka 15 koma adali akadali m'kalasi atapitirira zaka 30. Komabe kholo, mphunzitsi kapena kalaliki wa pa boma amene waona mwana wotere angathe kumugulira pensulo ndi kope, kapena kupita naye ku Mua kuti akaone anzake akugwira ntchito. Zimene Alex Lambeth adachitira mwana wa kulokeshoni ku Bulawayo zidayamba ndi zinthu zazing'ono zotere.