Chauncy Maples ndi Zilumba Zathu Zam'madzi a Eni

Munthu akakwera Ilala pa Nkhata Bay kupita ku Chizumulu ndi Likoma, amadutsa m'madzi a dziko la Mozambique asanapondenso dothi la Malawi. Ife a ku Sanga tidakula tikuziona ngati zachizolowezi, poti mpaka 1999 zilumbazi zinali mbali ya boma lathu la Nkhata Bay. Koma kuti timvetse m'mene zidakhalira za Malawi, tiyenera kudziwa mbiri ya Chauncy Maples.

Maples adabadwira ku England mu 1852 ndipo adaphunzira ku Oxford. Mu 1876 adafika ku Zanzibar monga wansembe wa mishoni ya Anglican ya UMCA, kenaka adakatumikira ku Masasi. Adali wokonda zilankhulo, moti mu 1879 adatulutsa kabuku kofotokoza Chimakua. Mu 1886 adasamukira ku Likoma, kumene mishoni inali itangokhazikika ndi chilolezo cha Mfumu Chiteji ya kutsidya lakum'mawa kwa nyanja. Iye adatsogolera ntchito pachilumbapo, kuyang'anira sukulu ndi kuyambitsa nyuzipepala ya Nyasa News mu 1893.

M'zaka zomwezo Azungu ankagawana Africa ngati nyama yapamaliro. Pangano la Britain ndi Portugal la 1891 lidapereka gombe lomwe lili moyang'anana ndi Likoma kwa Apwitikizi, koma zilumba ziwirizi zidatsalira Angerezi chifukwa cha mishoni imene Maples ndi anzake adaizika. Motero anthu amtundu umodzi, olankhula Chinyanja chimodzi, adapezeka ali m'maiko awiri. Mu 1954 maiko awiriwa adasunthira malire pakati panyanja, ndipo zilumbazo zidasanduka dothi lathu lozingidwa ndi madzi a eni.

Maples sadaone zonsezi. Adadzozedwa ubishopu wa Likoma ku London mu June 1895, koma pa 2 September chaka chomwecho, ali paulendo wobwerera, bwato lake lidagubuduzika ndi namondwe kufupi ndi gombe la Salima ndipo adamira. Adaikidwa ku Nkhotakota. Sitima yotchedwa dzina lake idayamba kuyenda panyanja mu 1901.

Kodi timutamande kapena timudzudzule? Sukulu za mishoni zidapatsa Likoma mbiri yamaphunziro, ndipo popanda mishoniyo zilumbazi sibwenzi zili zathu. Komabe panalibe msodzi wa ku Likoma kapena Chizumulu patebulo pomwe padalembedwa malirewo. Chimodzimodzinso kumpoto: pangano la Heligoland la 1890, limene Malawi imatsamira pokana zofuna za Tanzania zogawa nyanja pakati, lidalembedwa ndi Britain ndi Germany okha. Mkanganowo udabukanso mu 2012, Malawi itapereka chilolezo chofufuza mafuta kwa kampani ya Surestream mu 2011.

Moyo wa Maples ukutikumbutsa kuti umwini wa nyanjayi udaweruzidwa ndi alendo. Pokambirana za mafuta ndi nsomba zake lero, mawu a opalasa bwato asasowenso.