Mayi Mary Martin, amene anayambitsa chipani cha Asisteri a chipatala

Pokonzekera chikondwerero cha bungwe lathu, ife amayi a kuno ku Chikangawa tinagwirizana kuti m'buku lino tilembemo mbiri ya mayi mmodzi amene ntchito yake inatifika pakhomo. Maina anatchulidwa ambiri, koma amayi achikulire anaumirira pa Mayi Mary Martin a ku Ireland. Ambiri mwa ife tinachirako kapena kudwazikako ana pa chipatala cha St John's ku Mzuzu, osadziŵa kuti gwero lake ndi mayi ameneŵa.

Mayi Martin anabadwa pa 24 April 1892 ku Glenageary, pafupi ndi mzinda wa Dublin. Dzina lawo la ubatizo linali Marie Helena, ndipo anali achiŵiri kubadwa m'banja la ana 12. Bambo awo, a Thomas Martin, anali ogulitsa matabwa. Titamva zimenezi tinaseka, poti ifenso kuno ana athu akulira pa matabwa a paini, kungoti a Martin anali olemera ndithu, osati monga amuna athu a macheka. Ali mwana anadwala nthenda imene inawasiyira mtima wofooka moyo wawo wonse.

Anthu a ku Ireland ali ndi tsiku lawo lalikulu, la 17 March, lokumbukira Patrick Woyera amene analalikira Mthenga Wabwino m'dziko lawo. Pa tsikuli amapita ku Misa, amavala zobiriŵira ndi kuguba m'misewu ya m'matauni mwawo. Koma m'chaka cha 1907 tsiku lomwelo linasanduka la maliro m'banja la a Martin, chifukwa bambo aja anamwalira pa ngozi ya mfuti. Marie anali asanakwanitse zaka 15, ndipo mayi ake anatsala okha ndi gulu lonse la ana.

Itabuka nkhondo yaikulu ya 1914, Marie anadzipereka kukasamala asilikali ovulala. Mu 1915 anamutumiza ku chilumba cha Malta, kenaka mu 1916 ku France. Mlongo wake Charlie anasoŵa kunkhondoko, ndipo iye ankafunsa za mlongo wakeyo kwa ovulala amene ankawatsuka mabala, kufikira mbiri inamveka yakuti anafa. Panalinso mnyamata amene anthu ankati ndiye adzamukwatire. Atabwerera kwawo anapemphera nthaŵi yaitali, ndipo anamuuza mnyamatayo poyera kuti ukwati si njira yake. Ife amene tili pabanja sitikuona kuti ananyoza ukwati ayi. Anachita bwino kunena msanga kusiyana ndi kumusunga mwana wa eni ake.

Anaphunzira uzamba ku Dublin, ndipo mu 1921 anakwera sitima ya pamadzi kupita ku Calabar m'dziko la Nigeria, poitanidwa ndi Ambuye Episkopi Joseph Shanahan. Atafika anapeza kuti ntchito imene awakonzera ndi yoyang'anira sukulu. Anaigwira, koma mtima wawo unali pa amayi amene ankafa pochira ndi makanda amene ankatsikira kulichete asanatuluke m'chikuta.

Apa ndiye pagona nkhani, amayi anzathu. Masiku amenewo lamulo la Mpingo silinkalola Msisteri wa malumbiro kugwira ntchito ya uzamba kapena kuchita opareshoni. Msisteri ankatha kuphunzitsa ana ndi kupereka mankhwala, koma mayi wapakati akavutika ndi matenda a uchembere, iye analibe chilolezo choloŵapo ndi manja ake. Ife zimenezi zinatidabwitsa kwambiri, pakuti tikudziŵa kuti pa nthaŵi imene ija mayi amafuna mayi mnzake. Amayi achikulire pakati pathu akukumbukira anzawo amene anathera pa ngolo kapena pa machira, ulendo wa kuchipatala usanafike pakati. Mayi Martin anafuna chipani cha Asisteri amene adzakhale madokotala, anamwino ndi azamba, ali ndi malumbiro awo omwe. Sanagalukire Mpingo, komanso sanasiye kupempha.

Kudikira kwake kunatenga zaka 15. Mu 1924 anabwerera ku Ireland naloŵa m'chipani chatsopano ku Killeshandra, koma patapita zaka ziŵiri anatulukamo ataona kuti sichinali chimene Mulungu anawaitanira. Tangoganizani manyazi ake, mayi wa zaka zoposa 30, wosakwatiwa, wotuluka ku usisteri, wodwaladwala. Kwathu kuno akanamunena pachitsime mpaka kutopa. Mu 1934 iwo ndi anzawo ochepa anapita ku Glenstal, kwa amonke a Benedict Woyera, kumene ankasamala za m'nyumba pa sukulu ya anyamata, amonkewo n'kumawaphunzitsa moyo wa mapemphero.

Mu February 1936, pa nthaŵi ya Papa Pius XI, ku Roma kunatuluka chikalata chololeza Asisteri kuphunzira ndi kugwira ntchito zonse za chipatala, uzamba womwe. Mayi Martin sanachedwe. Kumapeto kwa chaka chomwecho ananyamukanso ndi anzawo kupita ku Nigeria. Koma atangofika anadwala malungo aakulu, mtima uja n'kuwonjezerapo, ndipo anawagoneka m'chipatala cha boma ku Port Harcourt. Pa 4 April 1937 anachita malumbiro awo ali gone pa bedi la chipatalacho, ndipo tsiku limenelo ndilo linabadwa chipani cha Medical Missionaries of Mary. Pambuyo pake anawakweza sitima kubwerera kwawo, anthu osayembekeza kuti akhala moyo nthaŵi yaitali. Anzawo aja anatsala ku Nigeria kuyamba ntchito okha.

Anachira. Pofika 1940 anali atakhazikika m'tauni ya Drogheda, kumene anatsegula chipatala cha amayi ndi nyumba yophunzitsiramo atsikana ofuna usisteri. Mu 1952 moto unatentha mbali ya nyumbayo, koma anamanganso, ndipo mu 1957 anatsegula chipatala chachikulu chophunzitsiramo Asisteri opita ku maiko akutali.

Asisteri ameneŵa anafika kuno ku Malaŵi mu 1962, dziko likadali Nyasaland, nthaŵi ya Ambuye Jean-Louis Jobidon, Episkopi woyamba wa Dayosizi ya Mzuzu. Anayamba ntchito pa St John's, ndipo anatsegulanso sukulu ya anamwino imene yaphunzitsa ana athu ambiri a m'boma lino la Mzimba. Ife a m'nkhalango muno, matenda akakula, tinkakwera pamwamba pa lole ya matabwa, mphepo ya pa Viphya ikutilasa m'mafupa, mtima uli pa chipatala chimenecho. Pambuyo pawo kunabweranso ansembe a chipani cha Patrick Woyera mu 1970 kudzathandiza m'maparishi a dayosizi yathu, choncho dzina la Ireland linazoloŵereka m'makutu mwathu.

Ulemu wa dziko unawapeza atakalamba. Mu 1963 bungwe la Red Cross linawapatsa mendulo ya Florence Nightingale, ndipo mu 1966 tauni ya Drogheda inawalemekeza ndi ulemu umene inali isanapatsepo munthu wamkazi. Mu 1968 anagwa nathyoka fupa la m'chiuno, ndipo zaka zawo zotsiriza anazithera pa bedi m'chipatala chomwe anamanga, akusamalidwa ndi Asisteri amene anawaphunzitsa okha. Anamwalira pa 27 January 1975 ali ndi zaka 82, patapita zaka pafupifupi 38 chichitireni malumbiro aja ku Port Harcourt.