Tisamuiwale Daniel Kachamba



Ndiloleni ndipereke maganizo anga kudzera mu nyuzipepala yanu yokondedwayi pa za munthu amene anatisiya kalekale koma ine sindinamuiwale, malemu Daniel Kachamba. Ine ndine mlimi wa mpunga komanso mkulu wa mpingo kuno ku Likangala, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Wandilembetsa kalatayi ndi mdzukulu wanga. Tsiku lina anandipeza pakhonde ndikulumikiza kaseti yanga ya Kachamba imene inaduka, ndipo anandifunsa ngati Kachambayo anali phungu wa ku nyumba ya malamulo. Mwana wa fomu 3 ameneyo! Ndinaseka, koma usiku wake tulo sindinatione.

Tsono achinyamata tamverani. Daniel Kachamba anabadwa m'chaka cha 1947 ku Limbe, ndipo kwawo kunali m'mudzi mwa Singano ku Chileka. Bambo ake, a James Kachamba, nawonso ankaimba gitala. Mu 1957 banja lonse linapita ku Salisbury, kumene lero tikuti Harare, monga ankachitira makolo athu ambiri posaka ntchito. Masiku amenewo m'makomboni a kumeneko munali mutavuta nyimbo za kwela zochokera ku Joni, zimene anyamata ankaimba ndi chitoliro chachitsulo, ndipo katswiri wake wodziwika anali Spokes Mashiyane. Daniel anazimva, nazisunga m'mutu ndi m'zala. Pobwerera kumudzi mu 1961 anabwera nazo.

Kumudziko anayambitsa gulu ndi mng'ono wake Donald, amene anali akadali mwana. Daniel ankaimba gitala, Donald chitoliro, anzawo ena besi ya chingwe chimodzi chomangirira pa bokosi. Ankaimba m'misewu ndi m'malo a zisangalalo, anthu n'kumawaponyera timakobidi. Ambiri ankangowaona ngati anyamata osowa chochita.

Mu 1967 katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anawapeza akuimba ku Blantyre. Iye anaima n'kumvetsera bwinobwino. Anawajambula mawu ndi kanema yemwe, kenaka analemba buku lathunthu lonena za gulu lawo. Mu 1972 anyamata a ku Chileka aja anakaimba ku Ulaya. Akuluakulu sananame kuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Chimene ife tinkachiponyera makobidi, anzathu anakachiika m'mabuku a kuyunivesite. Pambuyo pake tonse tinayamba kumutchula kuti Dokotala Daniel Kachamba.

Ine ndinayamba kumumva pa MBC m'zaka za m'ma 1970, pa wailesi ya Nzeru ya amalume anga. Nthawi imeneyo ndinkawathandiza kuyanika matemba ku Kachulu. Mabatire akafooka tinkawaika padzuwa kuti madzulo tidzamvereko ndithu. Kachamba akayamba sinjonjo kapena lumba, munkakhala ngati akuimba anthu atatu, pamene gitala ndi imodzi: chala chachikulu chikuyendetsa besi, zinazo zikuyankha pamwamba, mawu ake akudutsa pakati. Asodzi ankasiya kusoka maukonde. Ndipo zimene ankaimba zinali zathu zomwe: miseche ya pamudzi, chikondi, ulendo, umphawi ndi imfa. Munthu sunkafuna womasulira.

Anamwalira pa 25 July 1987 ali ndi zaka 40 zokha. Donald anapitiriza ntchitoyo, mpaka mu 1999 anakaphunzitsa nyimbo zimenezi ku yunivesite ya California ku Los Angeles, koma naye anatisiya mu 2001. Mu 1992 a nthambi ya zaluso ku Chancellor College, kwathu konkuno ku Zomba, anatulutsa kaseti yokumbukira Daniel. Yangayi inajambulidwa kuchokera pa imeneyo ndi mphunzitsi wina amene tinkapemphera naye.

Mu 1995 nyanja ya Chilwa itaphwa, tinavutika kwambiri kuno. Mabwato anangokhala pamatope ouma. Ndinagulitsa njinga, ndinagulitsa maukonde, ndinagulitsanso wailesi yakaseti kuti ana adye. Wogulayo anafuna kuti ndimuonjezere kaseti ya Kachamba, ine ndinakana. Mayi a kunyumba anandiseka kuti ndikusunga kaseti yopanda choimbira. Inakhala m'sutikesi pamodzi ndi setifiketi ya ukwati zaka zitatu, kufikira pamene ndinagulanso wailesi ina.

Apa ndikufuna kulankhula ndi inu abusa, ansembe ndi akulu ampingo anzanga, ndipo ndiyambe ndi kudziulula ndekha. Ndili wachinyamata mu mpingo, ndinali m'gulu la odzudzula anyamata oimba gitala ndi banjo kuti ndi zida za kumowa. Masana ndinkadzudzula, usiku n'kumatsitsa wailesi kuti anansi asamve kuti ndikumvera Kachamba. Chimenecho chinali chinyengo. Mnyamata wina wa m'mudzi mwathu anaphwanya banjo yake chifukwa cha mawu anga, ndipo sanaimbenso mpaka tinamuika m'manda. Lero makwaya athu akuimba ndi magitala kutsogolo kwa guwa, ife n'kumaomba m'manja. Kodi luso limenelo linagwa kumwamba dzulo? Analisunga ndi anthu omwe aja tinkawanyoza.

Mwana wa mlongo wanga amene ali ku Dublin, m'dziko la Ireland, ananditumizira chithunzi cha chipilala cha woimba wa kumeneko, Luke Kelly, wa gulu la The Dubliners. Nayenso ankaimba banjo ndi nyimbo za anthu wamba, ndipo anamwalira mu 1984 ali ndi zaka 43. Mu 2019, patapita zaka 35, anthu akwawo anamuimikira zipilala ziwiri mu mzindawo. Ndinayang'ana chithunzicho nthawi yaitali ndikuganiza za funso la mdzukulu wanga lija.

Sindikupempha zambiri. A mawailesi, muziika nyimbo za Kachamba nthawi imene ana ali maso, ndipo muziwauza kuti anali yani. Aphunzitsi, dzina lake limveke m'kalasi. Amene muli ndi makaseti ake m'masutikesi, apatseni achinyamata awasamutsire m'mafoni asanadyedwe ndi chinyezi. Ndipo ife a mpingo, tikaona mwana akukhoma banjo ya chigubu, tisamuthamangitse.

Kaseti yanga ndailumikiza kachitatu tsopano ndipo nyimbo imodzi yadukiratu pakati. Mdzukulu uja ndamuuza kuti Loweruka likubwerali akhale pansi timvere limodzi zimene zatsalazo.



Wokonda nyimbo zakwathu,
Likangala, Zomba.