Brahmagupta, Munthu wa Chuma ndi Ngongole

Anzanga, ndifuna kukuuzani mbiri ya munthu wina wa ku India amene anafa zaka zoposa 1,300 zapitazo, koma ntchito yake inandigwetsa pa mayeso a teremu yatha. Tinafunsidwa kuchulukitsa −3 ndi −5. Ine ndinalemba −15, poyesa kuti ngongole ikakumana ndi ngongole inzake ibala ngongole yaikulu. Aphunzitsi anandithetha, nandiuza kuti yankho lake ndi +15. Pamene ndinafunsa chifukwa chake, iwo anandituma kuti ndikafufuze za munthu amene analemba lamulolo kalekale, ndiye Brahmagupta.

Munthu ameneyu anabadwa m'chaka cha 598, ndipo atate ake anali Jishnugupta. Anakhala mumzinda wa Bhillamala, umene lero ukutchedwa Bhinmal, m'chigawo cha Rajasthan, masiku amene mfumu Vyaghramukha inali kulamulira. Ntchito yake yaikulu inali kupenda nyenyezi, mwezi ndi dzuwa, kuti anthu adziwe masiku a mwezi watsopano ndi nthawi ya kadamsana. Ntchito yotere ifuna masamu ambiri ndithu.

M'chaka cha 628, ali ndi zaka 30, analemba buku lake lotchuka lotchedwa Brahmasphutasiddhanta. Analilemba m'chinenero cha Sanskrit, ndipo chodabwitsa nchakuti lonse linali la ndakatulo, monga unalili mwambo wa anthu ophunzira a kumeneko, kuti ophunzira aloweze msanga pamtima. M'mutu 18 wa bukuli ndimo muli nkhani yathu. Nambala zoposa ziro iye anazitcha chuma, zochepera ziro anazitcha ngongole, ndipo ziro anamuwerenga ngati nambala yokhala ndi malamulo ake. Anaphunzitsa kuti chuma kuchulukitsa ndi chuma chipatsa chuma, chuma kuchulukitsa ndi ngongole chipatsa ngongole, koma ngongole kuchulukitsa ndi ngongole ipatsa chuma.

Pamenepo ndinakhumudwa pang'ono, pakuti Brahmagupta analemba lamulo lokha, chifukwa chake osachilemba. Komabe mawu ake awiri aja, chuma ndi ngongole, anandionetsa njira.

Tiyese kuti m'chaka cha njala munthu wakongola chimanga kwa anansi atatu, madengu asanu kwa aliyense. Ngongole zitatu za madengu asanu ndiwo 3 × (−5), ndiye kuti −15. Tsono anansi aja amchitira chifundo, nafafaniza ngongole zitatu zonsezo. Kufafaniza katatu ndiko −3, ndipo chinthu chofafanizidwa ndicho −5. Kodi munthu uja wasauka kapena walemera? Madengu 15 amene akanatuluka m'nkhokwe mwake pokolola atsala momwemo. Chotero (−3) × (−5) = +15. Kulakwa kwanga kunali kwakuti ndinayesa nambala zonse ziwiri ngati ngongole, pamene yoyambayo ikunena za kuchotsa ngongole.

Njira yachiwiri ndiyo kutsika makwerero. 3 × (−5) ndi −15. 2 × (−5) ndi −10. 1 × (−5) ndi −5. 0 × (−5) ndi ziro. Taonani, pa khwerero lililonse yankho likukwera ndi 5. Tikatsikanso kufika pa −1, yankho liyenera kukhala +5, pa −2 likhala +10, ndipo pa −3 likhala +15.

Njira yachitatu ndiyo inatseka pakamwa panga. Tonse tivomereza kuti 5 kuphatikiza −5 ndi ziro, ndiponso kuti ziro kuchulukitsa ndi −3 ndi ziro basi. Tsono tichulukitse mbali iliyonse payokha ndi −3. Mbali yoyamba, (−3) × 5, ipatsa −15. Mbali yachiwiri, (−3) × (−5), iyenera kupatsa nambala imene ikaphatikizidwa ndi −15 ibweza ziro uja. Nambala yotere ndi imodzi yokha, ndiyo +15. Yankho langa la pa mayeso likanabala −30 pamalo pa ziro, ndipo masamu onse akanasokonezeka.

Musaganize kuti Brahmagupta sanalakwepo. Iye analemba kuti ziro kugawa ndi ziro ndi ziro, chimene akatswiri a masamu lero sachivomereza. Anatsutsanso Aryabhata, katswiri amene anakhalako iye asanabadwe, pa chiphunzitso chakuti dziko lapansi limazungulira, chonsecho Aryabhata ndiye ananena zoona. Sanaleke ntchito kufikira ukalamba, pakuti m'chaka cha 665, ali ndi zaka 67, analemba buku lina la nyenyezi lotchedwa Khandakhadyaka.

Patapita zaka ngati 100 iye atamwalira, nzeru za m'mabuku a ku India zinafika ku Baghdad masiku a Khalifa al-Mansur, ndipo zinamasuliridwa m'Chiarabu. Koma ku Ulaya nambala za ngongole zinavuta kulandirika. M'chaka cha 1545 Girolamo Cardano wa ku Italy anali kuzitchabe nambala zongopeka, ndipo m'chaka cha 1758 Francis Maseres wa ku England analemba buku lozikayikira. Nditawerenga zimenezi mtima wanga unakhala pansi, poona kuti chimene chinandigwetsa ine chinazunguzanso anthu akuluakulu ophunzira.

Chotero anzanga a Fomu 1, pamene mudzakumana ndi lamulo ili musangoliloweza ngati nyimbo. Funsani chifukwa chake popanda manyazi, pakuti safunsa anadya phula. Mukaiwala pa mayeso, kumbukirani munthu uja wa ngongole zitatu ndi madengu 15 otsala m'nkhokwe mwake.

Wophunzira wa Fomu 2