DAVID LIVINGSTONE NDI WOCHI YACE

Anthu ambiri adziwa kuti David Livingstone anali sing'anga ndi mmishoni, ndi kuti anadana nao malonda a akapolo. Koma ali owerengeka amene adziwa za wochi imene anayenda nayo pa maulendo ace. Popanda iyo sakadakhoza kulemba pa mapu malo eni eni a mitsinje ndi nyanja zimene anaziona.

Livingstone anabadwa pa 19 March 1813 m'mudzi wa Blantyre ku Scotland. Makolo ace anali osauka, ndipo pofika zaka 10 analowa nchito m'nyumba yopotera thonje. Nchito inayamba 6 koloko mamawa, nitha 8 koloko usiku. Ataweruka anapita ku sukulu maora awiri, ndipo pofika kwao anawerengabe kufikira pakati pa usiku. Cotero anazolowera akali mwana kusunga nthawi, pakuti nthawi yace ya iye mwini inali yocepa ndithu.

Zaka 200 Livingstone asanabadwe, amisiri a ku England anayamba kusula makoloko a mkuwa ooneka ngati nyali. Anali ndi belu pamwamba ndi muvi umodzi wokha, wolozera maora. Anayenda ndi mphamvu ya citsulo colemera colendewera pa cingwe, cifukwa cace anawapacika pa khoma. Oyambawo analakwa kawiri kawiri mphindi 15 pa tsiku. Koloko yotere inakwanira kuuza banja nthawi ya kudya, koma kwa munthu wa paulendo inalibe thandizo. Amarinyero anasowa wochi yosalakwa ngakhale ngalawa igwedezeke. Mmisiri wa matabwa, dzina lace John Harrison, anagwira nchito imeneyi zaka zambiri, naitsiriza m'caka ca 1759. Mwana wace atapita nayo wochiyo ku Jamaica, ulendo wa masiku 81, anapeza kuti inalakwa masekondi 5 okha. Mawochi a mtundu uwu achedwa chronometer.

Kodi wochi ingauze bwanji munthu malo amene ali? Dziko lapansi lizungulira kamodzi pa maora 24, ndipo kuzungulira kwace konse akugawa m'madigiri 360. Ndiko kuti liyenda madigiri 15 pa ora, kapena digiri imodzi pa mphindi 4. Maiko a kum'mawa ayamba ndiwo kuona dzuwa. Tsono wapaulendo asunga wochi yace pa nthawi ya ku Greenwich, ku London, osaisintha konse. Pamene dzuwa lafika pa liwombo pa malo amene iye ali, ayang'ana wochiyo. Munthu wokhala ku Mzuzu akatero, adzapeza kuti ku Greenwich kwatsala ngati mphindi 16 kuti ikwane 10 koloko mamawa. Kusiyana kwace ndi maora 2 ndi mphindi 16, ndizo mphindi 136. Akagawa 136 ndi 4 apeza 34, nadziwa kuti Mzuzu uli madigiri 34 kum'mawa kwa Greenwich. Koma wochi ikalakwa mphindi imodzi yokha, mudzi ulembedwa pa mapu mamailosi 17 kutali ndi malo ace.

Livingstone anayamba kuphunzira nzeru iyi m'ngalawa yochedwa George, imene anakwera m'December 1840 kunka ku Africa. Mkulu wa ngalawayo, Captain Donaldson, anakhala naye kufikira usiku ndithu, namuonetsa mayesedwe a mwezi ndi nyenyezi. M'caka ca 1852 anaphunziranso ku Cape Town kwa Thomas Maclear, katswiri wa za nyenyezi. Pa ulendo wace waukuru wa 1853 kufikira 1856, pamene anafika ku Luanda, nabweranso kutsata Zambezi mpaka ku Quelimane, ananyamula wochi yosulidwa ndi Dent wa ku London, ndi cipangizo coyesera dzuwa ndi nyenyezi, dzina lace sextant. Malungo anamgwira kambiri mbiri, koma akangopeza mphamvu pang'ono anaturuka usiku kukayesa nyenyezi. Ziwerengero zace anazitumiza kwa Maclear kuti azilondole.

M'caka ca 1859 anakwera mtsinje wa Shire. Anaona nyanja ya Chilwa m'April, ndipo m'September anafika pa nyanja ya Nyasa, imene lero ichedwa nyanja ya Malawi. Nyanjayi siinali yotayika ai. Amang'anja, Ayao ndi Atonga anaidziwa bwino, navuulamo nsomba kuyambira kale, ndiponso amalonda a akapolo anali kuolotsapo anthu. Cimene Livingstone anacita ndico kulemba malo ace m'ziwerengero, kuti munthu wa kutali amene sanaiona akhoze kuipeza.

M'caka ca 1861 anabweranso ndi Dr. John Kirk ndi mbale wace Charles, atanyamulitsa boti kupitirira mathithi a Shire. Phiri lolowa m'nyanja kummwera analicha Cape Maclear, kukumbukira mphunzitsi wace uja. Anayenda m'mbali ya kumadzulo, napirira namondwe woopsa, nafika ku dziko la Atonga, kufupi ndi Nkhata Bay, kunsi kwa mapiri kumene kuli mzinda wa Mzuzu lero. Cakudya cinawathera, ndipo anabwerera osaona malekezero a nyanja.

Pa ulendo wace wotsiriza, umene unayamba m'1866, anaona tsoka. M'January 1867, pa njira yoterera ndi mvula, wonyamula mawochi anagwa nao. Mawochiwo anayendabe, koma sananenenso zoona. Kuyambira pamenepo malo ambiri anawalemba pafupifupi mamailosi 20 kutali ndi pamene ali. M'mwezi womwewo bokosi lace la mankhwala linatayika. Kulakwa kwa ziwerengero kunamsautsa kwambiri m'caka ca 1873, pamene anazungulira m'madambo a Bangweulu nthawi ya dzinja. Mapu ace ananena cina, dziko linanena cina, ndipo iye ndi anthu ace anayenda m'madzi masabata ambiri, matenda alikukula.

Potsiriza analephera kuyenda, ndipo anamnyamula pa macira kufikira ku mudzi wa mfumu Chitambo, m'dziko limene lero lichedwa Zambia. Pa 30 April 1873, ali gone m'kanyumba ka udzu, anaitana Susi kuti abwere nayo wochi. Mphamvu yoigwira analibe. Tsono anamlangiza Susi kuti aiike pa cikhato cace, ndipo iye mwini anaipukusa pang'ono pang'ono ndi kamfungulo. Anadziwa kuti ikaima tsiku limodzi lokha, nthawi ya ku Greenwich idzatayika, ndi kuti kuipezanso kufuna kuyesa mwezi ndi nyenyezi, nchito imene sakadathanso kuicita. M'bandakuca wa 1 May anampeza atagwada m'mbali mwa kama wace, atamwalira.

Susi, ndi Chuma, Myao amene Livingstone anammasula m'goli la ukapolo m'mapiri a Shire m'1861, anatsogolera anzao. Anakwirira mtima wace patsinde pa mtengo, nanyamula mtembo pamodzi ndi mabuku ndi mapu ace miyezi 9 kufikira ku Bagamoyo. Maliro anaikidwa m'Westminster Abbey ku London pa 18 April 1874.

Caka cotsatira, m'October 1875, sitima ya Ilala inalowa m'nyanja ya Nyasa, m'menemo muli E. D. Young ndi Dr. Robert Laws. Iwo sanasokere, pakuti njira inali yolembedwa kale, ndipo anamanga mudzi wao woyamba pa Cape Maclear pomwe. Mapu amene anawatsogolera anacokera m'nchito yaing'ono yosaoneka ndi anthu, ndiyo kupukusa wochi tsiku ndi tsiku, ndi kulemba ciwerengero ciri conse monga cinali, pa tsiku la mphamvu ndi pa tsiku la malungo lomwe.