Maria Montessori: dotolo amene anaona kuti chidwi cha mwana chimayambira m'manja

Mwana amene sakhala pansi, amene amasiya ichi n'kugwira icho, anthu amafulumira kumutcha wosamva. Zaka zoposa 100 zapitazo, Maria Montessori, dotolo wa ku Italy, anasonyeza kuti ana ambiri amakhazikika akapatsidwa chinthu choyenera choti agwire, amvetsere kapena anunkhize. Njira zamakono zothandizira ana kudzera m'masewera otere zinatengera zambiri ku ntchito yake.

Montessori anabadwa pa 31 Ogasiti 1870 m'tauni ya Chiaravalle ndipo anakulira mumzinda wa Rome. M'chaka cha 1896 anamaliza maphunziro a udotolo pa yunivesite ya Rome, n'kukhala mmodzi mwa akazi oyamba kugwira ntchitoyi m'dzikolo.

Ntchito inamufikitsa m'zipatala za odwala matenda amaganizo, momwe ankasungiramonso ana ochedwa kuphunzira. Anawo ankakhala m'zipinda zopanda chidole ngakhale chimodzi. Akamaliza kudya ankatola nyenyeswa za buledi pansi, ndipo wowayang'anira ankati ndi dyera. Montessori anaona kuti anawo ankafunafuna choti zala zawo zigwire, poti m'chipindamo munalibe china chilichonse.

Zimenezi zinamuchititsa kuwerenga mabuku a madotolo awiri a ku France, Jean Itard ndi Édouard Séguin, amene ankaphunzitsa ana otere poyamba ndi kudzutsa maso, makutu ndi manja awo. M'chaka cha 1900 anakhala mmodzi mwa oyendetsa sukulu ya ana ochedwa kuphunzira ku Rome. Ena mwa anawo anakhoza mayeso aboma omwe ankalembanso ana anzawo. Anthu anachita chidwi, koma iye anadzifunsa chomwe chinkalepheretsa ana a m'sukulu wamba kuchita bwino kuposa pamenepo.

Mwayi woyesa njira yake unapezeka pa 6 Januwale 1907, pamene anatsegula Casa dei Bambini, kutanthauza Nyumba ya Ana, m'dera la anthu osauka la San Lorenzo. Makolo akapita kuntchito, ana a m'derali ankangoyendayenda ndi kulembalemba m'makoma. Montessori anawaikira timipando ta msinkhu wawo, timatabwa tosiyana kukula, tizitini tolira mosiyana akatigwedeza, ndiponso zilembo zokhakhala zoti azitsatira ndi chala. Mwana ankasankha yekha chochita, ndipo chipangizocho chinkamuonetsa chokha pamene walakwitsa.

Tsiku lina anaona kamtsikana ka zaka pafupifupi zitatu kakulowetsa timitengo m'maenje ake n'kutitulutsanso. Kanabwereza maulendo oposa 40. Anzake anayamba kuimba, iye anakanyamula ndi mpando womwe, koma sikanasiye mpaka kanakhutira. Apa Montessori anatsimikiza kuti chidwi chimabwera mwana akapeza ntchito yogwirizana ndi msinkhu wake, popanda chikwapu kapena mphotho.

Moyo wake unali ndi zowawa zake. Mwana wake Mario, amene anabadwa mu 1898 kunja kwa banja, analeredwa ndi anthu ena, ngakhale atakula anadzakhala mthandizi wake wamkulu. Atasemphana ndi boma la Benito Mussolini, Montessori anachoka ku Italy mu 1934. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri yapadziko lonse anali ku India, komwe anakhala kuyambira 1939 mpaka 1946 akuphunzitsa aphunzitsi. Dzina lake linaperekedwa katatu kuti alandire mphotho ya mtendere ya Nobel. Anamwalira pa 6 Meyi 1952 ku Noordwijk m'dziko la Netherlands, ali ndi zaka 81.

Kuno kwathu dzina la Montessori limamveka kwambiri pa sukulu zolipira za m'mizinda, komatu njirayi inayambira pakati pa ana a anthu osauka. Mlezi wa pasukulu ya mkombaphala ku Mwanza akhoza kuyamba ndi zomwe zamuzungulira: mchenga wolembapo zilembo ndi chala, dothi loumbira, mabotolo a nyemba ndi miyala olira mosiyana, kapena makoko a manachesi oti ana anunkhize maso atatseka. Masewera otere salowa m'malo mwa thandizo la kuchipatala kwa mwana amene vuto lake ndi lalikulu, koma amamupatsa poyambira.