Mbiri ya Inkosi Gomani Waciwiri wa ku Lizulu

Caka catsopano cikafika, imeneyo ndiyo nyengo imene munthu amakhala pansi nalingalira zimene afuna kucita m'miyezi irinkudza. Wina afuna kumanga nyumba ya njerwa, wina kugula ng'ombe, wina kutumiza mwana wace ku sukulu. Cifukwa cace ndayesa kuti nkwabwino tikumbutsane mbiri ya mfumu ina ya kuno kumapiri, imene inatsimikiza mtima pa cinthu cimodzi, nitaya ufumu cifukwa ca ico, nimwalira isanacione. Mfumuyo ndiyo Inkosi ya Makosi Philip Zitonga Gomani.

Angoni a kwa Maseko, atayenda ulendo wao wautali wocokera kumwera, anadzakhazikika pa phiri la Domwe, pafupi ndi Dedza. Mfumu yao Cikuse inamwalira m'caka ca 1891, ndipo mwana wace Gomani analowa m'malo. Koma masiku a Gomani Woyamba anali owerengeka, pakuti m'caka ca 1896 asilikari a Boma la Angerezi anamgwira namupha. Dziko la Angoni linadulidwa pakati, Domwe natsala m'manja mwa Apwitikizi. Ndipo kufikira lero munthu woyenda pa mseu waukulu wa ku Lizulu ayenda m'malire a maiko awiri, abale ace ena kuno, ena uko. Pamene zinacitika izi Zitonga anali mwana wamng'ono. Anakula wamasiye, m'dziko limene dzina la atate wace linali loopsa kulichula pamaso pa Boma.

M'caka ca 1921 Angoni anamlonga ufumu, nakhala pa Lizulu. Munthu wina akadayesa kuti mwana wa mfumu yophedwa adzasunga cidani masiku ace onse, koma Inkosi sanatero. Anali Mkristu wa mpingo wa Seventh-day Adventist, ndipo anaona kuti nyengo ya nthungo ndi zishango yatha, ndi kuti mtundu udzaimanso ndi sukulu, ukhondo wa m'midzi ndi ulimi wosamala nthaka. Pamene Boma linapatsa mafumu mabwalo a milandu ndi mphamvu ya kuika malamulo m'caka ca 1933, iwo anakhala mkuru wa mafumu a m'boma la Ncheu. Analimbikitsa anthu ao kulima mizere yopingasa m'malo mwa matutu a makolo, kuti madzi a mvula asakokolole nthaka ya m'mapiri. Nchito imeneyi anthu sanaikonde, popeza inali yolemetsa, ndipo wolephera anali kulipitsidwa. Koma Inkosi anaiimira, ndi Azungu a Boma anawatama kuti ndiyo mfumu yacitsanzo. Pa zaka makumi atatu anali nazo zonse zimene anthu amati ndiko kupambana: ulemu kwa Boma, ulemu kwa anthu ao, ndi mpando wa atate wao wobwezedwa.

Tsono kunadza nkhani ya Citaganya, ndiko kuphatikiza Nyasaland ndi Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia pansi pa Boma limodzi. Anthu a kuno sanafunikire wina wowafotokozera za ku Southern Rhodesia, pakuti ambiri anagwirako nchito m'migodi ndi m'minda ya Azungu, naona ndi maso ao malamulo a citupa, ndi nthaka yabwino yolandidwa kwa eni ace. Cotero mafumu pamodzi ndi Nyasaland African Congress, imene inayamba m'caka ca 1944, anakana. Kumayambiriro a 1953 mafumu ena anapita ku London kukadandaula kwa Mfumukazi, koma sanaloledwe kuonana nayo, nabwerako cabe.

Apa ndipo panaonekera mtima wa Inkosi Gomani. Anali atakalamba, ndi thupi lao linali lodwala. Akadakhala cete palibe amene akadawanena. Koma m'mwezi wa May 1953 anatumiza mau kwa anthu ao kuti aleke kumvera malamulo a Boma a za ulimi, nkhalango ndi ziweto, kuti Boma lidziwe kuti Citaganya anthu sacifuna. Taonani, malamulo amenewa ndi omwe aja anawaimira iwo eni zaka zambiri.

Pa mau awa ine ndakhala ndikulingalira kawiri kawiri, ndipo sindibisa kuti andibvuta. Mizere yopingasa inalibe cifukwa. Mvula ya kumapiri kuno siidziwa Citaganya, imangokokolola munda wa ali yense wosausamala, ndipo makwawa amene tiwaona m'minda yathu acitira umboni. Koma mfumu yopanda asilikari ikakana, ikana ndi ciani? Cimene cinali m'manja mwao ndico kumvera kwa anthu ao, kumene Boma linadalira zaka zonsezo; ndipo ndico anacicotsa. Anadziwanso bwino lomwe cimene cinagwera atate wao atalimbana ndi Boma lomwelo.

Kazembe wa dziko, Sir Geoffrey Colby, anafuna kuti Inkosi abweze mau aja. Iwo anakana, ndipo Boma linawacotsa pa ufumu, nililamula kuti aturuke m'dziko lao la Ncheu. Masiku omwewo panali pa Lizulu mbusa wa ku England, Michael Scott, amene anali kuthandiza anthu akuda pa madandaulo ao. Pofika apolisi kudzatenga mfumu, anthu anaunjikana nawatsekereza, nipabuka cipolowe. Ndipo m'kati mwa phokosolo Inkosi anaoloka malire pamodzi ndi mwana wao Willard ndi mbusa uja, nalowa m'dziko la Apwitikizi, kumene kunali manda a makolo ao. Koma Apwitikizi anawagwira nawapereka kwa Angerezi. Scott anampitikitsa m'dziko muno, ndipo Inkosi, pokhala wodwala, anatsirizira ku cipatala ca Malamulo ku Thyolo, kutali ndi kwao.

Citaganya cinayamba caka comweco ca 1953, monga ngati kukana konse kuja kunapita pacabe. Inkosi anamwalira ku Malamulo pa 12 May 1954, wopanda mpando, ndipo mtembo wao anabwera nao ku Lizulu, kumene khamu lalikuru linasonkhana kuwaika. Woyang'ana tsiku limenelo akadati munthu uyu anayamba bwino natsiriza molephera.

Koma anthu a ku Ncheu sanaiwale, ndipo m'zaka zotsatira dziko lao linali limodzi la maiko obvuta koposa kwa Boma la Citaganya. Patapita zaka khumi, usiku wa pa 31 December 1963, Citaganya cinatha, ndipo caka catsopano ca 1964 cinaca dziko liri lomasuka kwa ico; pa 6 July caka comweco linalandira ufulu ndi dzina lace la Malawi. Willard anakhala pa mpando wa atate wace monga Gomani Wacitatu. Ndipo pamene ndarama zatsopano zinaturuka m'caka ca 2012, nkhope imene anaiika pa K50 ndiyo ya Inkosi Philip Zitonga Gomani.